A Tembenukani ndi Bedi Naini

Alamu anga aja analibe mtendere akaona chamoyo chagonera mbali imodzi. Imeneyo ndiyo inali nthenda yawo, ndipo anapita nayo kumanda osachira. Ugone pabenchi, ugone pansi pa mtengo, ugone m'minibasi yodikira anthu, iwo ankaima, n'kuyang'ana wotchi, n'kupita pazawo. Pobwerera akakupeza ukadali chigonere mbali yomweyo, basi zako zada. Unkangomva dzanja lina paphewa, lina m'chiuno, ndi mawu aulemu kukhutu: "Pepani odwala. Tembenukani." Usanadziwe n'komwe chikuchitika, wayang'ana kale kukhoma lina.

N'chifukwa chake mumsewu mwathu dzina lawo lenileni linafa kalekale. Ana, akulu, ngakhale abusa, onse ankangoti a Tembenukani.

Zinachokera kuntchito. Zaka makumi atatu ndi ziwiri anagwira m'chipatala chachikulu, kuwodi ya anthu osatha kudzuka okha. Sanali dokotala, sanali namwino, jekeseni sanabayepo munthu. Yawo inali kunyamula, kusambitsa, kusintha nsalu, ndi kutembenuza odwala maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda zapabedi. Mbali yawo ya wodiyo inali ndi mabedi eyiti, ndipo ankadzitama kuti pamabedi amenewo chilonda sichinkalowa iwo ali moyo. Atapuma pantchito, anzawo anawapatsa wotchi ya belu, ija yozungulira ya timiyendo tiwiri. Wina akanaiika pakabati kuti alendo aziiona. Iwo ankayenda nayo m'thumba la chijasi chawo chotuwa cha kuchipatala, ndipo ikalira ankaitcheranso kuti ilire pakatha maola awiri, kaya ali pamsika, kaya ali m'tchalitchi ulaliki uli pakati.

Amene anazunzika kwambiri ndi mlonda wa pagolosale. Munthu wagwira usiku wonse, masana wadziponya pabenchi kuseri kwa shopu, tulo tangoyamba kukoma, awa afika.

"Akuluakulu, ine sindikudwala! Ndachezera ntchito!"

"Chiuno sichidziwa zimenezo, bambo. Chiuno chimangodziwa thabwa."

Chidakwa china chinagwera m'ngalande youma m'mawa. Anachitembenuza kanayi tsiku limenelo, n'kuchiikira katoni yopinda pakati pa mawondo. Chitadzuka madzulo chinati sichinagonepo bwino chotero chibadwire, n'kufunsa ngati mawa angabwerenso. Amayi ogulitsa nkhuku okha ndiwo sanayamikire. Anawathamangitsa ndi tsache atawapeza akutembenuza nkhuku zomanga miyendo, imodziimodzi, iliyonse akuipepesa.

Mukuseka, eti? Msewu wonse unkaseka. Ine ndekha ndinkangopondereza makina.

Ine ndine telala. Makina anga ali pakhonde la mzere wa mashopu, ndipo chipinda cha alamu chinali pakona pa khonde lomwelo, mapazi khumi kuchokera pampando wanga. Anakwatira achemwali anga, akulu anga a bere limodzi. Mawu ine sindibisa: zaka khumi ndi ziwiri ndinali nawo chakukhosi munthu ameneyu.

Achemwali anagwa ndi sitiroko ali mkati mochapa. Mbali yonse yakumanja inafa, anagona miyezi eyiti. Alamu ankawasamala madzulo mpaka kucha, masana n'kupita kuntchito, ine n'kutsala nawo. Mwezi wachisanu ndi chimodzi chilonda chinatseguka m'chiuno. Chinakula, chinalowa m'magazi, chinawatenga. Pamaliro ndinalankhula mawu amene anthu akuwakumbukirabe. Ndinati, "Mabedi eyiti a eni ake opanda chilonda, bedi limodzi la m'nyumba mwanu lakukanikani!" Iwo anangoweramitsa mutu. Sanayankhe tsiku limenelo, sanayankhe chaka chotsatira. Ana analibe, abale awo anali kutali, ndiye tinangokhala choncho pakhonde limodzi. Moni tinkapatsana, batani likathothoka ndinkawasokera, koma m'chipinda mwawo sindinapondemonso.

Tsono Lachitatu lina masana, ndikupinda siketi ya kasitomala, ndinamva wilibala ikulira mumsewu. Kudzutsa mutu, ndi alamu, thukuta kamukamu, akukankha pang'onopang'ono, dzenje lililonse akulizungulira. Mu wilibalamo munali chijasi chawo, ndipo pachijasipo panagona galu wamkulu wakuda, kukamwa kwayera ndi ukalamba.

"Alamu, mwatola chiyani?"

"Sindinatole. Ndasainira."

"Galu wakufa amasainira?"

"Tsitsani mawu, akumva. Afa miyendo yakumbuyo yokha."

Nkhani yake inali iyi. Kumapeto kwa tauni kuli malo osungirako agalu otayidwa. M'mawa alamu anadutsa kumeneko popita kukaona mnzawo wodwala, n'kuona galu kuseri kwa waya atagonera kumanzere. Pobwerera, maola anayi atatha, galu akadali kumanzere. Anamenya geti mpaka mayi woyang'anira malowo anatuluka.

"Ali padyuti ndani kuno? Odwala awa mwawatembenuza nthawi yanji?"

Mayiyo sanakwiye, anali wotopa chabe. Anati galuyo analondera malo ogulitsira matabwa zaka khumi ndi chimodzi, kenako lole inamuponda msana pobwerera m'mbuyo, mwini wake n'kudzamusiya pageti. Anthu obwera kudzatenga agalu amafuna tiana, nkhalamba yopuwala palibe amene ankaiyang'ana kawiri. Lachisanu dokotala wa ziweto amabwera kudzamubaya jekeseni yogonetsa mpaka kalekale. Alamu atati amutenga, mayiyo anawawerengera zonse osabisa. Sadzayendanso. Sangataye madzi yekha mpaka munthu amufinye pamimba. Chimbudzi chimangobwera osagogoda. Mano atsala owerengeka, diso lina lili ndi ng'ala.

"Ndiye vuto lili pati?" anatero alamu. "Apa mwangondiuza za bedi firii ndi bedi seveni."

Anthu anali atazungulira wilibala, akuseka. Ine magazi anandiwira. Ndinaimirira ndi sizasi m'manja.

"Mkazi anakukanikani, ndiye mwati muyesere galu?"

Kuseka konse kunazima. 

"Alamu," anatero, "mungakhale ndi nsalu zakutha? Zofewa, zopanda msoko pakati."

M'mawa mwake ndinawaponyera zinayi. Kuwaponyera, osati kuwapatsa. Koma m'mphepete ndinali nditapinda, chifukwa nsalu yosapinda pamakina anga sichoka, ikhale ya galu kapena ya bishopu.

Galuyo anamutcha Bedi Naini, poti kuntchito analekezera pa eyiti. Ndipo sankati Bedi Naini chabe, ankati a Bedi Naini. Kalipentala anakhoma kabedi kakafupi. Pamwamba pa matiresi anayala pulasitiki, pamwamba pake nsalu yaikulu, kenako kansalu kopingasa kotembenuzira. Belu likalira, ankapepesa, n'kukoka kansaluko, n'kumugudubuza mofatsa, kapilo pakati pa mawondo, mafuta m'chiuno. Kanayi patsiku ankamunyamulira pakapinga kuseri, manja awiri pamimba, n'kufinya pang'onopang'ono uku akuimba mluzu. Chakudya chinali mpunga wofewa wa msuzi wa mafupa ochokera kubutchala.

Nayenso galuyo anali ndi khalidwe lake. Munthu aliyense ankamulola, koma lole ayi. Ikangomveka kumsewu, ankadzikoka ndi miyendo yakutsogolo mpaka pakhomo, n'kuuwa ndi mawu osasa mpaka itazimiririka. Mchira unali wakufa, ndiye moni ankapereka ndi makutu. Akaona chijasi chotuwa chikubwera, makutu onse awiri ankaima njo, ngakhale lina linali long'ambika.

Chimene chinkandipsetsa mtima ndi malipoti. M'mawa uliwonse alamu ankatuluka, manja kumbuyo, n'kupereka lipoti kwa aliyense amene wamupeza pakhonde.

"Odwala agona bwino. Adya theka la mbale. Madzi ataya ambiri, mtundu wake wosangalatsa. Chimbudzi cholimba bwino."

"Alamu! Ndikuyeza mkwatibwi pano!"

"Amve. Nayenso adzakalamba."

Mkwatibwi ameneyo anaseka mpaka mapini kumubaya. Pang'ono ndi pang'ono msewu unazolowera. Wometa tsitsi anasiya kuyang'ana wotchi yake, ankangomvera belu la alamu. Amayi a pagolosale ankafunsa za odwala asanafunse za mwini wake. Chinatha chaka ndi theka, galu uja amayenera kufa Lachisanu atanenepa, ubweya ukuwala, pathupi popanda ndi kachilonda komwe.

Amene ankatha ndi alamu. Woyamba kuona ndinali ine, chifukwa telala sanamizidwa ndi chijasi. Anabweretsa thalauzi kuti ndibweze m'chiuno. Patatha mwezi, lomwelo. Kachitatu ndinaliponya patebulo.

"Ili ndikabwezanso, matumba akumana kumbuyo. Mukudwala chiyani?"

"Ndi kutentha kwa masiku ano."

"Kutentha kumadya inu nokha? Pitani kuchipatala, musandinyanse. Zaka makumi atatu munali komweko, njira mwaiwala?"

Anapita pakati pa belu ndi belu. Anabwerako ndi pepala, n'kukhala pabenchi yanga, chinthu chimene sankachita. Anati apeza chotupa m'mimba. Dokotala wati akagonekedwe sabata yomweyo, achite opaleshoni chisanafalikire, ndipo akakhala kumeneko masabata atatu.

"Ndiye mupita liti?"

"Akapezeka wosiyira dyuti."

"Mubwezeni kumene munamutenga, mukamutenga mukachira."

"Mayi uja ali ndi agalu makumi asanu ndi limodzi, antchito awiri. Si kumene ndinawapeza atagonera mbali imodzi? Masabata atatu, alamu, chilonda chimafika pafupa."

Pamenepo anaima, ndipo panalibe wowasuntha. Abusa analankhula, dokotala anatumiza uthenga kawiri, koma ayi ndithu. Ndiye anthu a mumsewu anakumana kwa wometa n'kugwirizana kuti azisinthana. Alamu anathokoza ndi manja awiri, kenako n'kunena kuti aliyense ayambe walemba mayeso.

Abale inu, mayeso amenewo! Anayamba kalipentala. Anayang'ana galu kutsogolo ndi kumbuyo, n'kumunyamula wathunthu, n'kumutembenuza m'mwamba, n'kumuika.

"Mwanyamula chitseko, bambo. Msana wa odwala ulibe mahinjesi. Mwalephera."

Wabutchala analowa akudzitama kuti nyama amaidziwa kuposa onse. Manja ake anachita zimene anazolowera: miyendo yakutsogolo dzanja limodzi, yakumbuyo dzanja lina. Galu anakuwa mpaka nkhunda kuuluka padenga.

"Tulukani! Manja anuwo amadziwa ulendo umodzi wokha!"

Wometa anali ndi manja ofewa, kutembenuza anakhoza bwinobwino. Zinavuta pakapinga. Anafinya akuyang'ana kumwamba, zonse n'kuthera pansapato zake zoyera. Anathawa akuchita mseru, ndipo masiku awiri sanadye.

Chiyembekezo chathu chinali mlonda. Munthu amene watembenuzidwa zaka zonsezo ntchitoyo ankaidziwa ndi thupi lake. Anakhoza zonse, ngakhale za pakapinga. Alamu anamupatsa Loweruka lathunthu kuti ayesere yekha, iwo n'kukakhala kwa wometa. Belu la masana linalira, kuli zii. Atapita kukasuzumira anapeza mlonda ndi galu akuliza mkonono, onse awiri atagonera kumanzere. Anatembenuza galu, anatembenuza mlonda, kenako n'kumudzutsa kuti amuuze kuti walephera.

Tinaseka, inde, ngakhale ine ndinaseka chobisa. Koma uku tikuseka masabata ankapita. Achitatu, achisanu. Chijasi chinayamba kulendewera pamapewa, ndipo pokwera sitepe ya khonde ankagwira mzati.

Amayi a pagolosale anabwera kudzakhala pafupi ndi makina anga.

"Amayi, inu munadwazikapo achemwali anu miyezi eyiti. Manja amene akufunikawa muli nawo ndinu."

"Ine? Ndigwire mkodzo wa galu? Manja awa amagwira nsalu za ukwati!"

"Munthu akufa uyu."

"Akufa ndi makani ake. Wandipempha?"

Ndipo zoona, sanandipemphe. Anayesa msewu wonse, ngakhale chidakwa chija, koma ine amene ndinali mapazi khumi sananditchule ngakhale kamodzi. Zimenezonso zinkandiwawa, ndipo sindinkafuna kudzifunsa chifukwa chake.

Sabata lachisanu ndi chiwiri, Lachisanu masana, belu linalira. Tonse tinazolowera kuti limalira katatu kenako dzanja n'kulitseka. Tsiku limenelo linalira, linalira, mpaka linatopa lokha. Sizasi ya wometa inaima. Sindikumbuka kuimirira, ndinangozindikira ndili m'chipinda chimene ndinachisala zaka khumi ndi ziwiri.

Anali atagwada pambali pa kabedi, manja atagwira kansalu kopingasa, chipumi chili pamatiresi. Mphamvu zokokera zinali zitatha. Galu ankawanyambita khutu.

"Sunthani," ndinatero.

Manja anga anakumbukira okha. Kukokera kansalu kwa ine, kupinda mwendo wapamwamba, dzanja lina paphewa, lina m'chiuno, kugudubuza osanyamula. Kapilo pakati pa mawondo. Kuseri kwa dzanja pafupa la m'chiuno, kumva ngati patentha.

"Makwinya," anatero ali pansi pomwepo.

"Ndawaona! Ndine telala ine!"

Ndinawongola nsaluyo mpaka inasalala. Kenako ndinanyamulira galu pakapinga, iwo akundilangiza pazenera, ndipo nsapato zanga zinabwerako zouma. 

"Mawa dyuti ndi yanu tsiku lonse. Mukakhoza, Lolemba ndipita."

Loweruka limenelo ndinasamutsira ntchito yanga ya pamanja m'chipinda mwawo. Iwo anakhala pampando pakona. Galu anavutika m'mawa wonse, msana unkamuwawa, ankangobuula. Cha m'ma wani koloko anagona. Kadzuwa kanalowa pazenera n'kumufunditsa, miyendo yakutsogolo ikugwedezeka, kaya ankalota akuthamangitsa lole. Thu koloko belu linalira. Ndinalitseka msanga ndi chikhatho.

"Asiyeni pang'ono," ndinanong'ona. "Angogona kumene."

Mawuwo atangotuluka, ndinawamva. Ndinawazindikira. Anali mawu anga akale.

Alamu analankhula motsitsa, maso ali pa galu.

"Chilonda sichibwera ndi nkhanza, alamu. Wankhanza amadzutsa wodwala osaganiza kawiri. Chimabwera ndi chisoni."

Ndinakhala pansi. Achemwali anga ankalira m'mawa wonse ndi ululu, ndipo masana akagona ine ndinalibe mtima wowadzutsa. Ndinkawasiya maola anayi, nthawi zina asanu, nditakhala pambali ndikuwaingitsira ntchentche. Madzulo alamu akalowa ankafunsa kuti, "Mwawatembenuza?" Ine ndinkati, "Eee." Zimenezi ndinazikwirira pansi penipeni, pamwamba pake n'kuunjikapo mkwiyo, mpaka ndinafika pokhulupirira bodza langa lomwe.

"Munkadziwa?"

"Nsalu imadinda pakhungu. Ndikabwera ndinkapeza mizere mbali imodzi."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndinkakukumbutsani mozungulira. Ndinkaopa kuti ndikakalipa mukhumudwa, ndipo munali mutatopa kale. Mwaona? Nanenso chinali chisoni chomwecho. Chilonda chija tinachikumba awiri."

"Koma pamaliro paja! Ndikukunyozani pamaso pa anthu, inu duu!"

"Munali mutasenza kale maliro a mbale wanu. Ndikusenzetseninso chilonda? Kunyamula inali ntchito yanga, msana ndinali nawo."

Ndinalira, abale, ndinalira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale pamanda. Anandisiya ndilire. Kenako anatosa wotchi ndi chala.

"Mwachedwa ndi mphindi khumi."

Ndinadzutsa galu uja misozi ili m'maso, n'kumutembenuza. Anadandaula pang'ono, n'kugonanso.

Madzulo ake mpamene mutu wanga unagwira ntchito. Ndinati, "Alamu, mlonda uja munamuyesa nthawi yanji?"

"Masana."

"Munthu wogwira usiku mumamuyesa masana? Usiku amakhala maso kale, ndipo geti lake ndi ili apa!"

Msewu wonse, anthu ndi nzeru zathu, masabata asanu ndi awiri, palibe anaganizako. Zinathera pomwepo: masana ine, usiku mlonda, wometa n'kumagwirizira ndikachokapo, bola za pakapinga zisamukhudze.

Lolemba anapita. Anatsanzika galu ngati akusiya dyuti, n'kundipatsa wotchi m'manja. Chijasi anavula n'kuchiyala kumiyendo kwa kabedi.

Madokotala anatsegula, n'kutsekanso. Chinali chitafalikira. Ndinamutsatira dokotala pakhonde la wodi n'kumufunsa ngati zikanatheka akanabwera tsiku lija anawaitana. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwina, mayi. Sindingakunamizeni." Mwina ameneyo ndimadzuka naye m'mawa uliwonse. Ndikanaimirira pamakina paja sabata loyamba, mwina bwenzi nkhani ino akukusimbirani okha, ndipo akanaisimba bwino kuposa ine.

Atafika polephera kudzuka okha, anawasamutsira kuwodi yawo yakale, bedi foro. Anzawo a ntchito aja anavutika nawo, chifukwa ankawapatsa malikisi ali chigonere. Ine ndinkapita masana aliwonse. Tsiku lomaliza kuwapeza akulankhula, mawu anali atachepa, ndinachita kuwerama.

"Mwawatembenuza?"

"Eee."

Anatsegula diso limodzi.

"Eee wa zoona," ndinatero. "Adya mbale yonse. Madzi ataya ambiri, mtundu wake wosangalatsa. Auwa malole awiri."

Anamwetulira. Nthawi yowatembenuza itakwana ndinapempha antchito aja kuti andisiyire. Ndinagwira kansalu kopingasa. Anali atapepuka kuposa galu.

"Pepani odwala," ndinatero. "Tembenukani." Ndili mkati mowagudubuza ndinati, "Alamu, mawu aja ndinalankhula pamaliro a achemwali..."

"Dzanja m'chiuno, alamu, osati m'nthiti."

Ndinasuntha dzanja.

"Basi. Mwakhoza."

Anamwalira Lachinayi m'mawa, atagonera kumanja, pathupi popanda chilonda. Pamaliro awo ndinaimirira pamaso pa anthu omwe aja anamva mawu anga oyamba, n'kuwauza amene ankasiya achemwali chigonere masana. Amayi a pagolosale anangondigwira mkono n'kundikhazika pansi.

Miyezi isanu yapita tsopano. Mumsewu mwathu anthu akugona mwaufulu, ndipo palibe amene akukondwa nawo ufulu umenewo. Chidakwa chija chimagona m'ngalande tsiku lonse mbali imodzi, anthu n'kumangochilumpha. Mlonda akuti masana amadzidzimuka yekha pabenchi, kudikira dzanja paphewa, ndipo chiuno chayamba kumuwawa. Amayi a nkhuku ndinawaona tsiku lina akutembenuza nkhuku zawo okha, atayamba ayang'ana uku ndi uku. M'mawa pakhonde sipakhalanso lipoti. Akwatibwi ndimawayeza mwakachetechete.

Kabedi kaja kali pambali pa makina anga. A Bedi Naini akalamba kwambiri, malole ena amangowalola adutse. Koma munthu wa chijasi chotuwa akatulukira kumsewu, makutu aja amaima njo, n'kukhala choncho mpaka munthuyo atapitirira.

Dzulo masana anavutika ndi msana, n'kugona mochedwa, mphuno atabisa m'chijasi cha alamu. Ankapuma bwino, mwamtendere. Belu linalira. Dzanja langa linafika pawotchi, ndipo mtima unati asiye pang'ono, angogona kumene. Chisoni chija sichinathe, chimabwera tsiku lililonse nthawi yomweyo.

Ndinaika nsalu ya kasitomala pambali, ndinagwada, dzanja lina paphewa, lina m'chiuno.

"Pepani odwala," ndinatero. "Tembenukani."